York: Mzinda wa Anthu Obwera, Kuyambira pa Asilikali a Roma Kufikira pa Njanji

Kumpoto kwa dziko la Mangalande, pamene mtsinje wa Foss umathira mu mtsinje wa Ouse, pali mzinda wa York. Kuchokera pa siteshoni ya King's Cross ku London ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300, ndipo sitima ya pamtunda yothamanga imatenga maola awiri, nthawi zina osakwana n'komwe. Masiku a tchuthi mabogi amadzaza ndi mabanja opita kukaona mzinda wa anthu pafupifupi 200,000, waung'ono ndithu poyerekeza ndi Leeds kapena Manchester. Chimene chimawakoka ndi ukalamba wake. Komatu alendo a pa sitimawa ndi otsiriza chabe pa mndandanda wa anthu amene akhala akufika pamalopa kwa zaka pafupifupi 2,000, ena ndi mikondo, ena ndi mtanda, ena pa ngalawa. Aliyense wa iwo anasiyapo chake, ndipo wobwera pambuyo ankamanga pamwamba pa za mnzake.

Nthano yakale, imene Geoffrey wa ku Monmouth analemba m'zaka za m'ma 1100, imati mzindawu unakhazikitsidwa ndi mfumu ina dzina lake Ebraucus m'masiku amene Davide ankalamulira Ayuda. Akatswiri a mbiri yakale anaisiya kalekale nthanoyi. Chodziwika n'chakuti dera la kumpotoli linali la anthu a mtundu wa Brigantes, omwe mfumukazi yawo Cartimandua inkagwirizana ndi Aroma. Mwamuna wake Venutius atasemphana naye n'kumulanda ufumu, Aroma anaona kuti kumpoto kwatsala popanda bwenzi. M'chaka cha 71 gulu lachisanu ndi chinayi la asilikali a Roma, amuna pafupifupi 5,000, linanyamuka ku Lincoln n'kudzamanga linga pamtunda wouma pakati pa mitsinje iwiriyi. Malowo anawasankha mwanzeru: mitsinje inkawateteza mbali ziwiri, ndipo Ouse ankalola ngalawa kufika kuchokera kunyanja zitanyamula tirigu, vinyo ndi mafuta. Analitcha Eboracum. Tsidya lina la mtsinje kunayamba kukhala amalonda, amisiri, akazi ndi ana a asilikali, ndi asilikali opuma ntchito, mpaka linga la nkhondo linabala mzinda.

Mafumu awiri akuluakulu a Roma anamwalirira ku York. Woyamba anali Septimius Severus, mwana wa ku Africa wobadwira ku Lepcis Magna, m'dziko limene lero ndi Libya. Anafika ku Britain mu 208 ndi mkazi wake Julia Domna ndi ana ake awiri kudzathira nkhondo mitundu ya ku Scotland, ndipo kwa zaka zitatu ufumu wonse wa Roma unkalamulidwa kuchokera kumpoto kozizira kuno. Anamwalira mu February 211. Anthu a ku York ankati timapiri ta kumadzulo kwa mzindawu tinaunjikidwa ndi asilikali ake pomulira, ndipo kena kamatchedwabe ndi dzina lake, ngakhale kuti ndi timapiri tachilengedwe. Chaka chisanathe, mwana wake Caracalla anapha m'bale wake Geta ku Roma polimbirana mpando. Wachiwiri anali Constantius, amene anamwalira mu 306. Asilikali sanadikire mawu ochokera ku Roma. Pomwepo anafuula kuti mwana wake Constantine ndiye mfumu. Constantine yemweyu ndi amene mu 313 analola Akhristu kupembedza mwaufulu, ndipo chaka chotsatira bishopu wa ku York anali kale pa msonkhano wa mabishopu ku Arles.

Eboracum sunali mzinda wa mtundu umodzi. Mu 1901 anthu okumba anapeza bokosi lamwala la mayi wina wachitsikana wa m'zaka za m'ma 300, ataikidwa ndi mikanda, kalilole, botolo lagalasi ndi zibangili, zina za mwala wakuda wa m'dera lomwelo, zina za minyanga ya njovu. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2010 anasonyeza kuti mwa makolo ake ena anali ochokera kumpoto kwa Africa, ndipo katundu wa m'manda mwake akuchitira umboni kuti anali wa m'banja lolemera. Amene amaganiza kuti munthu wa ku Africa anayamba kuponda ku Yorkshire dzulodzuloli akaone zibangilizo ku Yorkshire Museum. Aroma anachoka cha m'ma 410, koma m'nkhani za anthu a ku York sanachokeretu. Mpaka lero amasimba za mnyamata wina wophunzira ntchito ya mipope amene mu 1953, akugwira ntchito m'chipinda chapansi cha nyumba yotchedwa Treasurer's House, akuti anaona asilikali a Roma otopa akutuluka m'khoma, akuoneka kuyambira m'mawondo kupita m'mwamba. Osimba amati chifukwa chake n'chakuti msewu wa Aroma uli pansi pa simenti ya chipindacho, ndiye mizukwayo inkayenda pa msewu wake wakale.

Zaka zotsatira kuchoka kwa Aroma n'zamdima. Anthu a mitundu ya Angles ndi Saxons anawoloka nyanja kuchokera kumadera amene lero ndi Germany ndi Denmark, ndipo pofika m'ma 600 mzindawu unali m'manja mwa Angles, amene ankautcha Eoforwic. Mfumu yawo Edwin inakwatira Ethelburga, mwana wa mfumu ya ku Kent, yemwe anali Mkhristu ndipo anabwera ndi bishopu wake Paulinus. Bede, wolemba mbiri amene anakhalako pambuyo pake, akusimba kuti Edwin anaitanitsa nduna zake kuti akambirane za chipembedzo chatsopanocho, ndipo wansembe wamkulu wa milungu yakale, Coifi, ndiye anayamba kudandaula kuti waitumikira moyo wake wonse osapindula kanthu. Anakwera hatchi n'kukaponya mkondo m'kachisi wake yemwe. Edwin anabatizidwa pa Pasaka wa 627 m'katchalitchi kamitengo komangidwa mofulumira. Kameneko ndiko kanali chiyambi cha tchalitchi chachikulu cha York Minster. Mu 735 York analandira akibishopu wake, ndipo sukulu ya pa tchalitchipo inatchuka kwambiri moti mphunzitsi wake Alcuin anaitanidwa ndi mfumu Charlemagne kukatsogolera maphunziro kunyumba yake yachifumu.

Chuma cha matchalitchi ndi misika chinamveka kutali. Pa 1 November 866 gulu lalikulu la nkhondo la anthu a ku Denmark, aja amatchedwa ma Viking, linalanda mzindawu. Anafika pa nthawi yabwino kwa iwo, poti mafumu awiri a Northumbria, ufumu wa dera limeneli, Osberht ndi Aella, anali akulimbirana ufumu. Awiriwa anagwirizana mochedwa, ndipo onse anaphedwa mu 867 poyesa kuulanditsa. Nthano za ku Scandinavia zimati nkhondoyi inali yolipsira: Aella anaponya ngwazi yawo Ragnar m'dzenje la njoka, ndiye ana a Ragnar anabwera kudzabwezera. Kaya zinaterodi, chachikulu n'chimene chinachitika patapita zaka khumi. Mu 876 mtsogoleri wawo Halfdan anagawa minda kwa anthu ake, ndipo anthu amene anabwera kudzafunkha anayamba kulima, kukwatira akazi a komweko ndi kubatizitsa ana awo. Mzinda unatchedwa Jorvik, ndipo unakhala likulu la ufumu wa ma Viking mpaka 954, pamene mfumu yawo yomaliza, Eric Bloodaxe, inathamangitsidwa n'kuphedwa.

Kwa nthawi yaitali ma Viking ankadziwika kudzera m'zolemba za amonke amene iwo anawaotchera nyumba, ndiye simungayembekezere kuti analembedwa bwino. Nthaka ya mu msewu wa Coppergate ndiyo inadzawalankhulira. Pakati pa 1976 ndi 1981 akatswiri ofukula zakale anakumba pamalo pomwe pankafuna kumangidwa masitolo, ndipo dothi lonyowa la pamenepo linali litasunga zinthu zimene kwina zimaola: nyumba zamatabwa, nsapato zachikopa, zipeso za nyanga za agwape, zikho ndi mbale zosema, sokosi yaubweya. Munapezekanso kachipewa ka silika, kachigoba ka nkhono ya ku Nyanja Yofiira, ndi ndalama yotsanzira za ku Samarkand. Anthuwa anali amisiri ndi amalonda ofika kutali. Analinso anthu okhala mothinana pakati pa nkhumba, utitiri ndi zimbudzi zokumba kuseri kwa nyumba. Pamalo pomwepo mu 1984 panatsegulidwa Jorvik Viking Centre, momwe alendo amakwera tingolo todutsa m'mudzi wa nthawiyo, fungo lake lomwe. Ndipo chimene ana amakakamira kuona, makolo akuchita manyazi, ndi chimbudzi cha munthu wa m'zaka za m'ma 800 chimene chinauma n'kusanduka ngati mwala, chotalika masentimita 20, chimene chinapezeka mu 1972 pokumba maziko a banki.

Chaka cha 1066 chimakumbukiridwa ndi nkhondo ya ku Hastings, kumwera, koma chinayambira pakhomo pa York. Mfumu ya ku Norway, Harald Hardrada, inakwera mtsinje wa Ouse ndi zombo zake n'kugonjetsa asilikali a kumpoto ku Fulford pa 20 September. Patangopita masiku asanu mfumu Harold ya Mangalande inatulukira kuchokera ku London n'kuwadzidzimutsa ku Stamford Bridge. Amati Mnorway mmodzi yekha anatseka mlatho ndi nkhwangwa yake mpaka wina analowa pansi pa mlathowo pa kabwato n'kumubaya chokweza. Harold anapambana, koma asilikali ake otopawo anabwerera kumwera kukakumana ndi William wa ku Normandy, ndipo pa 14 October Harold anaphedwa. A kumpoto sanamulandire William. Iye anamanga malinga awiri mu York, iwo n'kuukira mu 1069 mothandizidwa ndi a ku Denmark, ndipo mzinda ndi tchalitchi chake zinapsa. Kubwezera kwa William kunali koopsa. M'nyengo yozizira ya 1069 mpaka 1070 asilikali ake anatentha midzi, nkhokwe, makasu ndi mbewu, anapha ziweto, ndipo njala inamaliza amene lupanga linawasiya. Kalembera wa mu 1086 anapezabe midzi yambiri ya ku Yorkshire ili mabwinja.

Pa kaphiri kamene William anaunjika, pomwe lero pali nsanja yamwala ya Clifford's Tower, panachitika chinthu chimene York anakhala zaka mazana ambiri osafuna kuchitchula. Malamulo a mpingo ankaletsa Akhristu kukongoza ndalama za katapira, ndiye ntchitoyo inasiyidwira Ayuda, ndipo anthu ambiri olemekezeka anali nawo ngongole. Mu March 1190, mtima wa nkhondo za mtanda uli m'mwamba, chigulu cha anthu chinaukira Ayuda a mu York, chotsogozedwa ndi eni minda angongole monga Richard Malebisse. Ayudawo anathawira m'nsanja yamatabwa ya mfumu n'kuzingidwa. Pa 16 March ambiri anasankha kudzipha pamodzi ndi mabanja awo m'malo mogwa m'manja mwa gululo. Amene anatuluka atalonjezedwa moyo anaphedwa pachipata. Onse anali pafupifupi 150. Atsogoleri a chiwembucho anathamangira ku Minster, kumene kunkasungidwa makalata a ngongole, n'kuwatentha m'tchalitchi momwemo. Apa m'pamene pamaonekera chimene chinawatuma. Mwala wachikumbutso unaikidwa pamalopo mu 1978.

Zaka mazana atatu zotsatira ndizo zinamanga York amene alendo amaona lero. Mu 1212 mfumu John inalola anthu a mumzindawu kutolera okha misonkho ndi kudziyendetsera zinthu. Cha m'ma 1220 akibishopu Walter de Gray anayamba kumanganso Minster, ndipo ntchitoyo inatha mu 1472, patapita zaka zoposa 250. Mmisiri amene anasema mwala woyamba, mdzukulu wa mdzukulu wake sanaone denga lomaliza. Miyala yoyera inkachokera ku Tadcaster pa ngalawa. Nsanja yapakati inagwa mu 1407 n'kumangidwanso. Zenera lalikulu la kum'mawa, la magalasi amitundumitundu osimba za chiyambi ndi mathero a dziko, analipanga John Thornton wa ku Coventry pakati pa 1405 ndi 1408, ndipo kukula kwake n'kofanana ndi bwalo la tenisi. M'zaka zomwezi munamangidwa khoma lamwala lozungulira mzinda, lotalika makilomita oposa atatu, ndi zipata zake zinayi zazikulu. Pa chipata cha Micklegate ankapachikapo mitu ya oukira. Mu 1460 panapachikidwa mutu wa Richard, Duke wa York, atauveka chisoti chachifumu cha pepala pomunyoza.

Ndalama zomangira zonsezi zinkachokera ku nkhosa. Ubweya ndi nsalu za ku Yorkshire zinkatsika Ouse kupita ku Flanders ndi ku mayiko a ku nyanja ya Baltic, ndipo mwa mizinda ya ku Mangalande York ankangoposedwa ndi London. Mliri wa 1349 unapha anthu ochuluka, koma pasanathe zaka khumi amalonda anali akumanga holo yawo yamatabwa, Merchant Adventurers' Hall, imene ilipobe. Ntchito iliyonse inali ndi bungwe lake, ndipo chaka ndi chaka, pa tsiku la Corpus Christi, mabungwewa ankachita masewero a nkhani za m'Baibulo pa ngolo zokokedwa m'misewu kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Kagawidwe kake kanali kanzeru, kapenanso kanthabwala: okhoma zombo ankasewera kumanga chingalawa cha Nowa, ophika buledi Mgonero Womaliza, opanga misomali kukhomedwa kwa Yesu pamtanda. Opha nyama anali ndi kamsewu kawo, Shambles, kopapatiza moti nyumba za mbali ziwiri zimatsala pang'ono kugundana pamwamba, kuti dzuwa lisafike pa nyama, ndi ngalande pakati yotayiramo magazi ndi matumbo.

Kenako zinthu zinayamba kutsika. Ntchito yoluka nsalu inasamukira ku Halifax, Wakefield ndi Leeds, ndipo zombo zitakula zinayamba kuthera ku Hull. Henry VIII atapatukana ndi Papa anatseka nyumba za amonke. A kumpoto anaukira mu 1536, ndipo mtsogoleri wawo Robert Aske anapachikidwa ndi maunyolo ku York chaka chotsatira. St Mary's Abbey, nyumba ya amonke yolemera kwambiri kumpoto konse, inatsekedwa mu 1539, ndipo mabwinja ake ndi amene ana amathamangamo lero m'munda wa myuziyamu. Masewero a pa ngolo analekeka pambuyo pa 1569. Mu 1586 Margaret Clitherow, mkazi wa wopha nyama wa mu Shambles, anaimbidwa mlandu wobisa ansembe a Katolika. Anakana kuyankha mlanduwo kuti ana ake asakakamizidwe kuchitira umboni, ndipo anamugoneka pansi pa chitseko n'kumuunjikira miyala mpaka kufa. Guy Fawkes, amene anafuna kuphulitsa Nyumba ya Malamulo mu 1605, anabadwira ku York mu 1570. Pa 5 November dziko lonse likamatentha zidole zake, sukulu yake ya St Peter's imati siingatenthe mwana wake wakale. Pa nkhondo yapachiweniweni York anaima ndi mfumu, anazingidwa mu 1644, n'kugonja itatha nkhondo ya ku Marston Moor. Mwayi wake unali wakuti wogonjetsayo, Fairfax, anali mwana wa ku Yorkshire, ndipo analetsa asilikali ake kuswa mazenera a matchalitchi monga ankachitira kwina.

M'zaka za m'ma 1700 York anasanduka malo osangalalirako eni minda olemera: magule ku Assembly Rooms, mipikisano ya mahatchi ku Knavesmire, ndi kukaonerera onyongedwa pa bwalo lomwelo. Wotchuka mwa onyongedwawo ndi Dick Turpin, chigawenga cha m'misewu, amene anaphedwa mu 1739 pa mlandu woba mahatchi atadziwika chifukwa mphunzitsi wake wakale anazindikira kalembedwe kake pa kalata. Nkhani yoti anathamanga pa hatchi usiku umodzi kuchokera ku London kufika ku York ndi yopeka, ndipo inatchukitsidwa ndi wolemba mabuku patapita zaka pafupifupi 100. Ulendo weniweni unali wina. Chidziwitso cha mu 1706 chinkalonjeza kuti ngolo ya mahatchi ifika ku London m'masiku anayi, Mulungu akalola. Misewu itakonzedwa, pofika m'ma 1830 ulendowo unatsika kufika pa maola pafupifupi 20, koma mtengo wake sunali wa banja la mmisiri. Mafakitale a nsalu ndi zitsulo anamera ku Leeds, Bradford ndi Sheffield, York n'kutsalira. Kutsalirako n'kumene kunamupulumutsa, chifukwa panalibe ndalama zogwetsera zakale. Ngakhale choncho, khonsolo inayesetsa kugumula khoma cha m'ma 1800 ponena kuti likutchinga njira, ndipo mbali zina zinagwadi asanaletsedwe ndi akibishopu ndi anthu monga wojambula zithunzi William Etty.

Amene anadzutsa mzindawu anali mwini sitolo ya nsalu, George Hudson. Mu 1827 analandira chuma chamasiye cha mapaundi 30,000 kuchokera kwa wachibale, ndipo anachiika mu njanji, chinthu chatsopano chimene chinali chitangoyamba ku Stockton ndi Darlington mu 1825. Anapalana ubwenzi ndi injiniya George Stephenson, ndipo anthu a ku York amati cholinga chake chinali chakuti njanji zonse zizidzera kwawo. Sitima yoyamba inanyamuka ku York pa 29 May 1839, ndipo chaka chotsatira munthu ankatha kufika ku London tsiku lomwelo. Pofika 1841 anali ataboola khoma lakale lija kuti sitima zilowe mpaka m'kati mwa mzinda. Khoma limene linalimbana ndi mizinga mu 1644 linagonja kwa munthu wogulitsa masheya.

Hudson anakhala meya katatu, anakhala phungu wa Sunderland, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1840 ankalamulira njanji zotalika mamailosi oposa 1,000, mpaka kumutcha mfumu ya njanji. Chinsinsi chake chinaululika mu 1849: phindu limene ankagawira eni masheya ankalitapa pa ndalama zimene ena angoikamo kumene, ndipo mabuku a makampani ankawakonza monga afunira. Anthu ambiri anataya chuma chawo. Mzinda umene unkamuombera m'manja unafufuta dzina lake pa msewu, ndipo iye anakhala zaka zambiri ku France pothawa angongole, anadzatsekeredwa m'ndende ya ku York mu 1865, n'kumwalira wosauka mu 1871. Chipilala chimene chili pafupi ndi siteshoni ndi cha mdani wake George Leeman. Dzina la Hudson linabwezeretsedwa pa msewu uja mu 1971. Anali wakuba, inde, koma njanji zimene anamanga ndi ndalama za eni akezo zikugwirabe ntchito.

Siteshoni ya m'kati mwa khoma inachepa msanga, komanso sitima zopita ku Scotland zinkalowa n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Mu 1877 inatsegulidwa siteshoni imene ilipo lero, kunja kwa khoma, pamalo amene anali manda a Aroma, ndi denga lake lachitsulo ndi magalasi lokhota motsatira njanji. Pa nthawiyo inali yaikulu kuposa ina iliyonse padziko. Moyo wa mumzinda unasintha. Anthu anali pafupifupi 17,000 mu 1801. Pofika 1901 anali oposa 75,000. Kunabwera anthu a kumidzi, kunabwera a ku Ireland othawa njala ya m'ma 1840 amene anathinana m'tinyumba ta ku Walmgate. Kampani ya njanji inkalemba ntchito anthu oposa 5,000, ambiri pa fakitale yopanga mabogi ku Holgate. Njanji yomweyo inkabweretsa shuga ndi koko n'kutenga maswiti, ndipo mabanja a Terry ndi Rowntree anasandutsa York mzinda wa chokoleti. KitKat anabadwira kuno mu 1935. Amuna ku njanji, akazi ndi atsikana ku chokoleti: mabanja ambiri ankakhala motero. Koma Seebohm Rowntree, mwana wa mwini fakitale, atayendera mabanja oposa 11,000 mu 1899, anapeza kuti anthu pafupifupi 28 pa 100 alionse anali pa umphawi, ndipo ambiri mwa iwo osati chifukwa cha ulesi kapena mowa koma kuchepa kwa malipiro. Buku lake la mu 1901 linathandiza kusintha maganizo a andale pa nkhani ya penshoni ndi chithandizo cha odwala.

Ulendo wa banja wongokayenda, umene lero umaoneka wamba, unabadwa m'nyengo yomweyi. Lamulo la mu 1844 linakakamiza kampani iliyonse kuyendetsa sitima imodzi patsiku ya mtengo wa peni imodzi pa mailosi, ya mabogi ofolera, ana osakwana zaka zitatu kwaulere ndipo okulirapo theka la mtengo. Mu 1845 njanji inafika ku Scarborough, kunyanja, ndipo lamulo la mu 1871 linakhazikitsa masiku a tchuthi a dziko lonse. Anthu a ku York anayamba kupita kukaona nyanja, a m'mizinda ya utsi n'kumabwera kudzaona Minster.

Njanji inakokanso adani. Usiku wa pa 29 April 1942 ndege za Germany zinaponya mabomba pa York. Siteshoni inapsa pamodzi ndi sitima yausiku yopita ku Edinburgh, holo yakale ya khonsolo inapsa, anthu ambiri anafa, koma Minster sinakhudzidwe. M'shedi ya injini kuseri kwa siteshoni bomba linaphwanya injini yotchedwa Sir Ralph Wedgwood. Shedi yomweyo ndi imene mu 1975 inasanduka National Railway Museum, momwe muli Mallard, injini ya mtundu womwewo imene pa 3 July 1938 inathamanga makilomita 203 pa ola, liwiro limene injini ya malasha ina iliyonse sinalipitirirebe. Mulinso bogi la Mfumukazi Victoria ndi sitima yothamanga ya ku Japan. Pamene myuziyamu inkakula, ntchito zenizeni zinkatha. Nestlé inagula Rowntree mu 1988, fakitale ya mabogi inatsekedwa mu 1996, ya Terry mu 2005, ndipo nyumba zake tsopano ndi zogonamo anthu opeza bwino. Yunivesite imene inatsegulidwa mu 1963 ndi ntchito zokopa alendo ndizo zinalowa m'malo.

Minster yapsa katatu m'zaka 200 zapitazi: mu 1829 ndi munthu wodwala misala, mu 1840 ndi kandulo, ndi pa 9 July 1984, pamene moto umene ambiri amati unayamba ndi mphenzi unagwetsa denga la mbali ya kumwera. Amisiri osema miyala ali ndi malo awo ogwirira ntchito pambali pa tchalitchicho, ndipo ntchito yawo siitha. Mu 2005 pa mpando wa akibishopu panakhala John Sentamu, wobadwira ku Uganda, amene anathawa ulamuliro wa Idi Amin. Mu 2007 anadula kolala yake yaubusa ndi sizasi pa wailesi yakanema ya BBC ponena kuti sadzaivalanso mpaka Robert Mugabe atachoka pampando, ndipo anadzaivaladi mu 2017. Mitsinje imene inakopa Aroma ndiyo imavutitsa mzindawu masiku ano: mu November 2000 Ouse anakwera mamita oposa asanu, ndipo mu December 2015 madzi a Foss analowa m'nyumba mazanamazana ndi mu Jorvik Viking Centre, imene inatsekedwa mpaka 2017.

Lero York amadya za alendo, ndipo zimenezi zili ndi mtengo wake. Mu Shambles mbedza zopachikira nyama zikadalipo pa makoma ena, koma m'masitolomo mwadzaza ndodo zamatsenga za Harry Potter, ngakhale kuti mafilimuwo sanajambulidwe m'menemo. Nyumba zambiri za m'kati mwa khoma zasanduka zogona alendo, ndipo ana a anthu amene ankapanga mabogi ndi chokoleti akuvutika kupeza lendi imene angakwanitse. Loweruka madzulo misewu imalandidwa ndi magulu a omwa mowa obwera pa sitima zomwezo.

Kwa inu amene mukukhala ku Leeds, sitima imatenga pafupifupi theka la ola. A ku Manchester ola limodzi ndi theka. Matikiti ogula masiku akadalipo amatsika mtengo, ndipo ana osakwana zaka zisanu salipira. Mukatuluka pa siteshoni khoma lili patsogolo panu, kuyenda pamwamba pake n'kwaulere, chimodzimodzi kulowa mu myuziyamu ya njanji kuseri kwa siteshoniyo. Ku Minster kumalipiritsa, ndipo nsanja yake ili ndi masitepe 275 amene ana osakwana zaka zisanu ndi zitatu saloledwa kukwera. Ngati muli ndi ana aang'ono pitani m'kati mwa sabata, ndipo ikakhala nyengo yozizira yambani mwafunsa ngati Ouse sanasefukire.